Mafunso a Owerenga: Gemu Ndatsegula, Koma Anzanga Akukanika Kulowa

Ambiri mwa makalata omwe tasankha ulendo uno akudandaula nkhani imodzi. Munthu watsegula gemu kunyumba kuti anzake alowe kudzera pa intaneti, koma anzakewo akungogogoda popanda wowatsegulira. Mafunso tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, ndinaika seva ya Minecraft Java pa kompyuta yanga. Mng'ono wanga akalumikiza laputopu yake pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo amalowa bwinobwino, koma anzanga omwe ali kwawo amangodikira mpaka gemu iwauze kuti "Connection timed out". Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, poti mng'ono wanu akulowa, ndiye kuti seva, pulogalamu yomwe imasunga gemu n'kulandira osewera, ili moyo. Maso athu apite pa rauta.

Nyumba yanu yonse, kaya muli mafoni khumi, kunja imadziwika ndi adiresi imodzi yokha ya IP, yomwe kampani ya intaneti inapatsa rauta. Zipangizo za m'nyumba zili ndi maadiresi awoawo, monga 192.168.1.23, koma amenewa ndi a mkati basi, pa intaneti sayenda. Foni ikatumiza uthenga kunja, rauta imalemba m'kaundula wake kuti uthengawo wachokera kwa yani, ndipo yankho likabwera imadziwa kolipereka. Ntchito imeneyi ndiyo imatchedwa NAT. Tsono uthenga wa mnzanu ukufika osaitanidwa. M'kaundula mulibe, rauta siidziwa ngati ndi wa kompyuta kapena wa TV, ndiye imangoutaya mwakachetechete. N'chifukwa chake mnzanuyo salandira ngakhale mawu okana, amangodikira mpaka nthawi kutha.

Port forwarding ndi lamulo lomwe mumasiyira rauta lakuti uthenga wofika pa khomo lakuti uzipita ku kompyuta yakuti. Makomo amenewa ndiwo ma port, ali ndi manambala mpaka 65535, ndipo la Minecraft Java ndi 25565.

Yambirani pa kompyuta yomwe ili ndi seva. Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, dinani Enter. Koperani papepala mizere iwiri, wa IPv4 Address womwe ndi adiresi ya kompyutayo, ndi wa Default Gateway womwe ndi adiresi ya rauta, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Adiresi ya rautayo ilembeni pa Chrome kapena Firefox pamalo polemba dzina la webusaiti. Dzina ndi pasiwedi yolowera zimakhala pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta, ndipo nthawi zambiri si pasiwedi ya Wi-Fi ija.

Musanalembe lamulo, mangirirani kaye adiresi ya kompyuta. Rauta imagawa maadiresi a mkati mongobwereketsa, moti ikazima n'kuyakanso, kompyuta yomwe dzulo inali 192.168.1.23 ikhoza kudzuka ili 192.168.1.31, lamulo lanu n'kumaloza chipinda chopanda munthu. Pezani palembedwa DHCP Reservation kapena Address Reservation, n'kumangiriza adiresiyo ku MAC ya kompyuta, nambala yomwe rauta imazindikirira chipangizo. MAC mumaipeza polemba ipconfig /all, pa mzere wa Physical Address. Chenjerani apa, chifukwa Wi-Fi ili ndi MAC yake, polowetsa chingwe palinso yake. Tengani ya njira yomwe kompyutayo imalumikizira.

Tsopano lamulo lenilenilo. Marauta ena amalitcha Port Forwarding, ena Virtual Server. Pa External Port lembani 25565, pa Internal Port 25565 yomweyo, pa Internal IP adiresi mwamangirira ija, pa Protocol sankhani TCP. Chongani Enable kenako dinani Save. Pa Protocol m'pamene ambiri amaterereka, chifukwa pali njira ziwiri zotumizira mauthenga, TCP ndi UDP. Gemu iliyonse ili ndi zofuna zake: Minecraft Bedrock imafuna UDP 19132, Terraria TCP 7777, Valheim UDP 2456 ndi 2457. Mukatsegula TCP pomwe gemu imayendera UDP, zili ngati simunatsegule kanthu.

Mu fayilo ya server.properties, yomwe ili mu foda ya seva, mzere wa server-ip usiyeni wopanda kanthu. Ndipo anzanu musawapatse 192.168.1.23. Apatseni adiresi ya kunja, yomwe mumaiona mukalemba "what is my IP" pa Google.

Adiresi ya kunjayo iyerekezeni ndi yomwe rauta ikuonetsa pa tsamba la Status, pa mzere wa WAN IP. Zikafanana, anzanu ayenera kulowa. Zikasiyana, werengani mafunso awiri otsatirawa. Kunena zoona, kuyerekezaku kumayenera kuchitika musanakhudze china chilichonse, chifukwa kumatenga mphindi ziwiri zokha koma kumakuuzani ngati ntchito yonseyi ili ndi phindu.

Funso: Ndayesa zonse. Port ndinatsegula, firewall ndinafika poizimitsa, rauta ndaibwezera mmene inabwerera ku fakitale kawiri konse. Rauta yanga ndi ya SIM khadi ya 4G. Pa WAN IP palembedwa 100.72.14.9, koma Google imandipatsa nambala ina.

Yankho: Choyamba, yatsaninso firewall lero lomwe. Imeneyi ndi mlonda wotchinga mauthenga osaloledwa, ndipo apa ilibe mlandu. Rauta nayo isiyeni. Vuto lagona kunja kwa nyumba yanu.

Adiresi iliyonse ya pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255 ndi chizindikiro cha CGNAT, yomwe ndi NAT ina yochitikira ku kampani ya intaneti. Maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya IANA, bungwe logawa maadiresiwa, inatha mu February 2011. Pofuna kuti ochepa otsalawo akwanire, makampani ambiri, makamaka a mafoni, amaika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi ya kunja. Manambala oyamba ndi 100.64 aja anapatulidwa mu 2012 chifukwa cha ntchito imeneyi, ngakhale makampani ena amagwiritsa ntchito oyamba ndi 10. Inu geti lanu mwatsegula, koma nyumba yanu ili mkati mwa mpanda waukulu womwe kiyi wake ali ndi kampani. Alendo anu akubwezedwa pa geti la kampaniyo, sakufika n'komwe pa lanu. Palibe chomwe mungadine pa rauta yanu choti chisinthe zimenezi.

Njira zilipo ndithu. Imbirani kampani yanu muipemphe "public IPv4 address", ndipo mawuwa anenedwe momwemo kuti wokuyankhani asaganize kuti mukudandaula za netiweki yochedwa. Simukufunika kwenikweni adiresi yosasintha, chofunika n'chakuti ikhale ya kunja, yanu nokha. Makampani ena amapereka, ena amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ena amakana pa mizere ya SIM khadi. Akavomera, pa rauta ya 4G angakuuzeni kuti musinthe APN, dzina lomwe rauta imalumikizira nalo ku netiweki ya kampani.

Onaninso ngati muli ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi. Pa ipconfig, adiresi yaitali yoyamba ndi 2 kapena 3 ndi ya kunja, pomwe yoyamba ndi fe80 ndi ya m'nyumba mokha. Pa IPv6 chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake, choncho kumangofunika kuloleza port pa firewall ya rauta. Chovuta n'chakuti mnzanu aliyense ayenera kukhala nayonso IPv6.

Ngati muli kagulu ka anthu anayi kapena asanu odziwana, onse pa makompyuta, ife tingasankhe Tailscale kapena ZeroTier. Aliyense amaika pulogalamuyo pa kompyuta yake, mumalowa pa netiweki imodzi, ndipo makompyuta anu amaonana ngati ali m'chipinda chimodzi. Zimatheka chifukwa mbali zonse ziwiri ndi zomwe zimayamba kutumiza uthenga kunja, ndipo NAT siiletsa wotuluka. Musadabwe kuona kuti maadiresi a Tailscale nawo amayamba ndi 100, amenewo ndi omwe muzipatsana. Pa Xbox ndi PlayStation mapulogalamuwa saikika. Ngati simukufuna kuti anzanu aike kanthu, pali playit.gg, yomwe imakupatsani adiresi ya kunja n'kumakuperekerani mauthenga. Njira yake imatalika pang'ono, ndiye ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwera, imakwerako. Zonsezi zikakanika, seva isamukire kwa mnzanu yemwe ali ndi adiresi ya kunja, kapena musonkherane n'kubwereka seva ya pa intaneti.

Funso: Kampani inatipatsa kabokosi kake, koma Wi-Fi yake siifika kuchipinda, ndiye ndinagula rauta ina n'kuilumikiza kumbuyo kwake. Tsopano Xbox ikulemba "Double NAT detected" ndipo NAT Type ili pa Strict.

Yankho: Muli ndi alonda awiri, aliyense ndi kaundula wake. Lamulo lomwe mwasiyira wamkati, wakunja salidziwa. Umboni wake ndi uwu: mukalowa mu rauta mwagulayo, WAN IP yake kawirikawiri iyamba ndi 192.168, kusonyeza kuti adiresiyo yaipeza kwa kabokosi ka kampani. Mwayi wanu ndi woti mageti onse awiri ali m'nyumba mwanu.

Chophweka ndi kusandutsa rauta yachiwiriyo chomwaza Wi-Fi chabe. Marauta ambiri ali ndi Access Point Mode, mumangosankha basi. Ngati yanu ilibe, chitani pamanja. Zimitsani DHCP yake, yomwe imagawa maadiresi a mkati. Ipatseni adiresi ya banja limodzi ndi kabokosi, koma kunja kwa manambala omwe kabokosiko kamagawa; kabokosi kakakhala 192.168.1.1 ndipo kamagawa kuyambira 192.168.1.100, rautayo ikhale 192.168.1.2. Kenako itembenuzeni muone kumbuyo. Pali khomo limodzi lolembedwa WAN, nthawi zambiri la mtundu wina, ndi ena a LAN ondondozana. Solani chingwe chochokera ku kabokosi pa WAN, chilowetseni pa limodzi la LAN mpaka kachotsekera kake kalire. Kuyambira pamenepo malamulo onse muzilemba pa kabokosi ka kampani.

Ngati rauta yanuyo ndi yabwino kuposa kabokosi, ndi bwino iyo ikhale mlonda, kabokosi kaikidwe pa Bridge Mode, kuti kasiye ulonda, kazingodutsitsa intaneti. Funsani kaye kampani, chifukwa mizere ina imafuna dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zolowera pa mzere wa kampaniyo, ndipo mukasintha musanazipeze, intaneti idzazima nyumba yonse. Kabokosi kakakhala kokhoma, njira yotsala ndi kulemba adiresi ya WAN ya rauta yanu pa DMZ ya kabokosiko, kuti chilichonse chofika chizingodutsa. DMZ yoloza rauta ilibe vuto, popeza rautayo ili ndi firewall yake.

Pa Xbox, NAT Type imasonyeza omwe mungasewere nawo: wa Strict amakumana ndi wa Open yekha, wa Moderate amakumana ndi a Open ndi a Moderate anzake, wa Open amakumana ndi aliyense. Wotsegulira anzake gemu ndiye ayenera kukhala pa Open. A PlayStation musavutike kufunafuna Type 1. Type 2 ndiyo yoyenera kwa yemwe ali kumbuyo kwa rauta yokonzedwa bwino, yovuta ndi Type 3.

Funso: Tili ndi ma Xbox awiri. Ndikatsegulira imodzi port 3074, inzake imagwera pa Moderate.

Yankho: Port imodzi ya kunja singaloze zipangizo ziwiri. Fufutani malamulo onse a Xbox omwe munalemba pamanja, yatsani UPnP pa rauta, zimitsani rauta ndi ma Xbox onse kotheratu, kenako yatsani rauta, n'kutsatiza ma Xbox imodzi imodzi. UPnP imalola chipangizo kudzipemphera chokha khomo, ndipo yachiwiri ikapeza 3074 yatengedwa imapempha lina. Lamulo la pamanja ndi UPnP zikakumana pa port imodzi zimalimbana, n'chifukwa chake tikuti fufutani kaye. Zikapitirira, pa Xbox yachiwiri pitani pa Network settings, Advanced settings, Alternate port selection, musankhe nambala ina.

Funso: WAN IP yanga ikufanana ndi ya Google, lamulo ndinalemba bwino, koma webusaiti yoyezera ma port ikuti yatsekedwa. Nanenso ndikalemba adiresi yanga ya kunja mu gemu sindilowa.

Yankho: Mayeso onse awiriwa amanamiza anthu ambiri. Webusaiti yoyezerayo imagogoda n'kudikira woyankha. Seva ikakhala yozima pa nthawiyo, palibe woyankha, ndipo idzanena kuti patsekedwa ngakhale rauta yatsegula. Komanso mawebusaiti ambiri otere amayeza TCP yokha, choncho za gemu ya UDP sangakuuzeni zoona.

Zolemba adiresi yanu ya kunja muli m'nyumba momwemo, marauta ena sakwanitsa kutulutsa uthenga n'kuubwezanso mkati. Luso limeneli limatchedwa NAT loopback, ndipo likasowa sizitanthauza kuti a kunja akukanika. Inu muli m'nyumba lowani ndi adiresi ya mkati. Mayeso enieni ndi a munthu yemwe ali kunja, kapena laputopu yolumikizidwa ku data ya foni, Wi-Fi ya m'nyumba itazimitsidwa pa foniyo.

Akakanikabe, bwererani ku kompyuta. Seva ili chiyakire, mu Command Prompt lembani netstat -ano | findstr 25565. Mzere wokhala ndi mawu akuti LISTENING ukaoneka, seva ikumvetsera. Ukapanda kuoneka, sevayo siinadzuke bwino kapena ili pa port ina. Kenako firewall. Windows imasiyanitsa netiweki ya Private ndi ya Public, ndipo chilolezo chomwe munapereka pa kazenera ka firewall komwe kanatulukira tsiku loyamba kuyatsa seva chikhoza kukhala cha mtundu umodzi wokha. Ikani netiweki ya kunyumba pa Private, mu Command Prompt lembani wf.msc, pa Inbound Rules dinani New Rule, sankhani Port, TCP, 25565, Allow the connection. Antivayirasi ina imabwera ndi firewall yakeyake, imeneyonso iloleze. VPN ikakhala yoyaka pa kompyuta ya seva, izimitseni, chifukwa mayankho amatulukira khomo lina losiyana ndi lomwe mafunso analowera.

Funso: Sabata yonse zimayenda bwino, lero anzanga onse akukanika. Sindinakhudze chilichonse.

Yankho: Imodzi mwa maadiresi awiri yasintha. Onani ipconfig ngati ya mkati ikufananabe ndi ya pa lamulo. Ikafanana, ndiye kuti kampani yakupatsani adiresi ina ya kunja, zomwe zimachitika kawirikawiri rauta ikazima n'kuyakanso. Mankhwala ake ndi Dynamic DNS. Mumalembetsa dzina ku No-IP kapena DuckDNS, rauta kapena kapulogalamu ka pa kompyuta kamauza iwo adiresi ikasintha, ndipo anzanu amangosunga dzinalo. Dzina laulere la No-IP limafuna kulitsimikiza masiku 30 aliwonse, mukaiwala limachotsedwa. Dziwaninso kuti Dynamic DNS siichiza CGNAT.

Funso: Anzanga akulowa, koma madzulo gemu imajama, anthu amabwerera m'mbuyo okha. Ine kwanga zimaoneka bwino. Liwiro la intaneti yathu ndi lalikulu ndithu.

Yankho: Liwiro lomwe makampani amakonda kulengeza ndi lokopera zinthu. Wotsegula seva amadalira lotumizira, lomwe pa mizere yambiri ya kunyumba ndi laling'ono kwambiri. Gemu payokha siidya zambiri, koma imafuna kuti timauthenga take tifike pa nthawi yake. Madzulo wina akayamba kutumiza vidiyo, kapena foni ikayamba kusungitsa zithunzi pa intaneti, rauta imaunjika zonse pa mzere umodzi wautali, kauthenga ka gemu n'kuima kumbuyo kwa katundu yenseyo. Vutoli limatchedwa bufferbloat. Inu simukuliona chifukwa seva ili pafupi nanu, mauthenga anu sadutsa pa mzerewo.

Yezani nokha. Mu Command Prompt lembani ping -t 8.8.8.8 n'kumayang'ana nambala ya time. Mizere ikutsika choncho, tumizani vidiyo yaikulu kuchokera pa foni. Nambalayo ikadumpha, mwachitsanzo kuchoka pa 30 ms kufika pa 400 ms (sekondi imodzi ili ndi 1,000 ms), mwaligwira. Pezani SQM kapena QoS pa rauta, pomwe mumayendetsera mzere wa mauthengawo, yezani liwiro lotumizira nthawi yomwe m'nyumba muli zii, n'kuika malire a 85 mpaka 90 peresenti ya liwirolo. Mukapeza 10 Mbps, lembani 8.5 kapena 9. Zimaoneka ngati mukutaya liwiro, koma mukatero mzere umapangikira mu rauta yanu, momwe imatha kulowetsa timauthenga ta gemu patsogolo. Marauta oyendera pulogalamu ya OpenWrt amachita zimenezi bwino kwambiri mukasankha CAKE kapena fq_codel pa SQM. Pa 4G liwiro limasinthasintha, choncho tengani nambala ya madzulo, yotsikayo.

Kompyuta ya seva ikhale pa chingwe. Apa sitinyengerera. Pa Wi-Fi zipangizo zimalankhula mosinthana, uthenga ukasokonezeka umabwerezedwa, ndipo kuchedwa kwa seva kumagwera osewera onse nthawi imodzi. Chingwe cha Cat5e chimanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100.

Pali zina ziwiri zomwe si mlandu wa rauta. Mtunda sungaufupikitse: kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho makilomita 1,000 aliwonse amawonjezera 10 ms kupita ndi kubwera, njira itakhala yowongoka. Ndipo pa zenera la seva ya Minecraft mukaona mawu akuti "Can't keep up!", yatopa ndi kompyuta. Sevayo imawerengera dziko lonse ka 20 pa sekondi, ulendo uliwonse uli ndi 50 ms zokha. Tsitsani view-distance kuchoka pa 10 kufika pa 6 kapena 7, ndipo tsekani mapulogalamu ena.

Funso: Ndine mayi. Mwana wanga akupempha pasiwedi ya rauta kuti atsegule port ya gemu. Kodi sindikuitana akuba m'nyumba?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo mukhoza kumulola mutakhala naye pambali. Port imodzi yotsegulidwa imafikitsa mlendo ku pulogalamu imodzi yokha yomwe ikumvetsera pamenepo, mafoni ndi zithunzi za m'nyumba sazifikira. Koma pa intaneti pali makina omwe amagogoda pa maadiresi onse usana ndi usiku, ndipo seva ya mwana wanu adzaipeza ngakhale sanauze munthu.

Choncho mu server.properties mukhale white-list=true ndi online-mode=true, ndipo anzake awalembe mmodzimmodzi ndi lamulo la whitelist add. Yemwe sali pa mndandanda salowa. Seva ndi Java zizikhala zatsopano nthawi zonse. Mu December 2021 munapezeka bowo mu Log4j, kachigawo komwe Minecraft Java imagwiritsa ntchito, ndipo uthenga umodzi wolembedwa pocheza mu gemu unkatha kulanda kompyuta yomwe inali isanakonzedwe. Ma seva akale osasinthidwa akadali pa ngozi yomweyo.

Zomwe musalole ndi izi. Kompyuta isaikidwe pa DMZ, ngakhale mnzake wina atamuuza kuti ndiyo njira yachidule, chifukwa kutero n'kutsegula makomo onse nthawi imodzi. Port 3389 ya Remote Desktop ndi 445 yogawanirana mafayilo zisatsegulidwe. Remote Management, yolola kulowa mu rauta muli kunja kwa nyumba, ikhale yozima, ndipo ngati pasiwedi yolowera mu rauta ikadali yomwe inabwera nayo, isintheni lero, muilembe pamalo podziwa inu. Adiresi ya kunja azipatsa anzake odziwika okha, asamaiike poyera, chifukwa munthu wa nkhanza akhoza kuithira mauthenga ochuluka mpaka intaneti ya nyumba yonse kuima. Foda ya world aziikopera pa fulashi kamodzi pa sabata, seva itazimitsidwa. Akasiya kusewera kwa nthawi yaitali, lowani mu rauta muchotse chizindikiro pa Enable. Lamulolo lidzatsala lolembedwa, ndipo tsiku lomwe adzalifunenso mudzangochonganso.